Kuwerenga Milambe

Tinanyamuka ku Ulongwe nkhuku zisanatsike,
chisanu chikuluma nsonga za makutu.
Lole ya a Kandulu inadzaza mbatatesi mpaka m'khosi,
ife pamwamba pa matumba:
bambo atagwira chipewa, mayi atagwira Bentu,
ine nditagwira chingwe ndi mantha anga.

Anatiuza kuti tikupita kukaona mlatho.
Za chipatala panalibe anatchula.

Pa Musakama tinavula majuzi.
Bentu yekha anakana,
akunjenjemera m'kapulana wa mayi wa maluwa achikasu
pamene phula lenilenilo linkatuluka thukuta.
Mapiri akwathu anatsalira osatsazika,
mphepo inayamba kununkha mbuzi ndi udzu wopsa.

Ndiye anauona woyamba.
"Achimwene, mtengo uwo anaubzala chozondotsa ndani?"
Bambo anaseka, koyamba sabata yonseyo.
"Ndi mlambe, mwanawe. Kuno ndiye kwawo."

Bentu anayamba kuwerenga.
Masamu ake ankathera pa khumi,
zala zikatha, basi, dziko latha.
Koma anapeza nzeru.
Akafika pa khumi ankapisa dzanja pobooka pa thumba,
n'kusolola kambatatesi kamodzi,
n'kundifumbatitsa: "Sungani. Musataye."
Kenako n'kuyambanso, umodzi, iwiri,
mawu akumka nachepa ngati madzi a m'chitsime cha mwezi wa khumi.

Pa Kapirizanje mayi anagula masau kambale kamodzi.
Iye anayamwa limodzi lokha, n'kulilavulira m'dzanja langa.
Ku Moatize fumbi la malasha linatipaka kumaso,
anandiseka kuti ndasanduka tako la mphika.

Kenako Zambezi,
madzi oti maso amatopa asanafike tsidya,
mlatho ukulendewera pa zingwe.
Mayi anamugwedeza: "Ona, si uja tinakulonjeza?"
Anatsegula diso limodzi, osayang'ana mtsinje.
"Tilipo tingati?"
"Tinayi," ndinatero, "ndi milambe itatu yapamwamba."
"Pobwerera tidzayambira pomwepo."

Masiku asanu ndi limodzi ndinagona pakhonde la chipatala,
katoni ndiyo mphasa,
simenti ikutenthabe pakati pa usiku,
udzudzu wa ku Tete ukundiphunzitsa kudikira.
Za m'katimo sanandionetse.
Ndinangoona mayi akutuluka m'mawa wina,
kapulana uja atamupinda bwinobwino,
atamukumbatira pachifuwa ngati angagwe.

Ndalama yokwezera maliro kumapiri panalibe.
Anatsala komweko,
m'dothi louma lobweza khasu,
pakati pa mayina amene sitinkawadziwa.

Tinabwerera pa lole yomweyo, yopanda katundu,
zitsulo zikulira pa dzenje lililonse.
Bambo chipewa anachiika pabondo ulendo wonse.
Milambe inaima m'mbali mwa msewu
kudikira woiwerenga.
Ine ndinayang'ana zala za kumapazi mpaka Musakama,
pamene mayi ananditambasulira juzi,
ndipo inali ya Bentu.

Tinayi tija tinakhala m'thumba la kabudula
mpaka tinatuluka maso.
Mayi anatipeza pochapa. Sanafunse kanthu.
Anatikwirira kuseri kwa khola la nkhumba.
Mvula itatha tinafukula zosadzaza n'lichero lomwe,
koma panalibe amene anati tiphike.
Bambo anangoti, "Iyi ndi mbewu."

Lero mutu wanga wachita imvi.
Msewu uja ndimautsikabe, pa shapa,
nditapanikizika ndi matumba a anthu ena.
Milambe ina inagwa, ina sindiizindikiranso,
manda akewo ndinawafuna kawiri osawapeza.
Ndimadziuza kuti lero sindiwerenga.
Koma tikangodutsa Musakama milomo imayenda yokha,
kuyambira pomwe tinalekezera,
inayi, isanu,
ndipo pa khumi dzanja langa limatambasuka,
chikhatho m'mwamba,
mpaka mayi wokhala pambali panga n'kufunsa
ngati pali chimene ndikufuna.