Mlendo Amene Sanapitikitsidwe

Lachisanu, mvula ya ku Porto ikuwaza pazenera la nsanjika yachinayi,
anawerenga nambala yanu mokweza, Mayi Quaresma:
zikwi khumi ndi chimodzi, mazana anayi ndi mphambu zisanu.
Ndiko kuchuluka kwa maulendo amene anthu ophunzira,
ku Osaka, ku Toronto, kwina komwe simunapondeko,
analemba dzina lanu kumapeto kwa mapepala awo.
Anaomba m'manja. Anadula keke.
Ine ndinaima kukhomo, manja akununkhabe utuchi wa m'makola.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala m'chipinda chapansi,
kumene dzuwa silifika, usiku umabwera ndi switchi.
Mbewa zakuda zosokeredwa kachikopa koyera pamsana
ndimazidziwa kuposa ana a mlongo wanga.
Ndine ndinkayamba kuona m'mamawa
kachikopa katada bii, kakufota m'mbali,
thupi litalamula kuti uyu si wathu, achoke.
Ndinkakwera masitepe kudzakuuzani.
Inu n'kungoti, "Lemba tsiku, Custódio."

Pepala lomwe amalitchula kwambiri ndi la mlingo wa mankhwala:
momwe ungawodzeretsere asilikali a m'thupi
popanda kuwagonetsa tulo tofa nato.
Ukachepetsa, impso yapita.
Ukachulutsa, munthu wapita ndi chibayo, impso ili bwinobwino.
Lokhalo analitchula maulendo zikwi zinayi.
Ambiri, munkatero, sanapyole tsamba loyamba.

Koma lilipo lina, la masamba atatu,
lotchulidwa kasanu n'kawiri,
ndipo kawiri konseko munadzitchula nokha.
La Hélder, wowotcha nsomba mumsewu wa kudoko ku Matosinhos,
amene anasiya mapiritsi osauza munthu
chifukwa ankamunjenjemeretsa manja mpaka kugwetsa mpeni.
Munamukalipira, anamwino anachita kutseka chitseko.
Zotsatira za magazi zinabwera: palibe vuto.
Chaka chinatha. Zisanu. Khumi ndi ziwiri.
Impso ya mtsikana wa ku Braga, wofera pa njinga yamoto,
inangokhala phee mwa iye ngati inabadwira momwemo.
Amati mlendo ndi mame.
Uyu dzuwa linamuiwala.

Mausiku angati tinachezera,
inu pa maikulosikopu, ine ndikulemba timabotolo,
kusaka amene anauza asilikali aja kuti atule zida?
Sitinamupeze.
Mu mbewa zinatheka kawiri, kachitatu zinakana,
a ndalama anatopa nafe.
Pansi pa pepalalo, m'zilembo zazing'ono ngati nyerere,
munalemba: tikuthokoza C. Meireles posamalira ziweto.
Makina owerengera safika kumeneko.
Ine ndinadulapo ndi lumo,
kali m'chikwama pamodzi ndi khadi la basi,
kang'ambika kale mopindamo.

Mwambo utatha, achinyamata akusanja mipando,
ndinakupezani pamasitepe, nsapato m'manja, mapazi atatupa.
"Zikwi khumi ndi chimodzi," munatero,
"koma funso lija lidakali pomwe tinalisiya."
Ndinati Hélder anaimba foni dzulo.
Akuti mdzukulu wake akubatizidwa Lamlungu,
akuti mubwere ndi njala,
ndiponso musakamufunse za mapiritsi.
Munaseka mpaka kutsamwa.

Ofesi yanu ailowa ena Lolemba.
Mabuku ali m'makatoni, chikwangwani cha pachitseko achotsa kale,
patsala timabowo tiwiri ta misomali.
Nambala ija, akuti, izikwerabe yokha
ngakhale inu muli kumudzi kudulira mphesa.

Munakhala chete kanthawi,
kenako munafunsa za khola lachisanu kuchokera kukhomo,
mbewa ija ya khutu long'ambika.
Ndinati kachikopa kakadali kofewa,
ubweya woyera wayamba kumera,
mankhwala tinasiya miyezi itatu yapitayo.
Munayang'ana wotchi. Munayang'ana mvula.
"Tiye tikaone," munatero,
n'kuyamba kutsika, nsapato zili m'manja.