Kabuku ka Miyeso

Atate, munalemba ziuno za Mufakose yense.
M'kabuku kanu kakuda, kothimbirira ndi mafuta a makina,
muli mapewa a abusa, msinkhu wa kondakitala,
mwendo wa mwana wasukulu amene lero ndi namwino,
ndi ngongole ya buluku laukwati
yomwe a Mapfumo sanabweze mpaka ndalama zanthawiyo zinasanduka mapepala.
Zonsezo munalemba.
Koma tsamba limodzi lokha,
loti nyumba kwa uje, makina kwa uje,
munakana. Munkati kulemba wilo n'kuimbira imfa likhweru.
Inabwera osaiimbira,
Lachiwiri masana, tepi ili m'khosi mwanu.

Dothi la ku Mbudzi lisanaphwe,
Zakeyu muphwa wanu anatsika basi ya ku Nyamapanda
ndi chikwama chopanda kanthu.
Zaka makumi anayi simunaponde ku Ntcheu,
koma iye ankadziwa kuti zipinda ndi zinayi.
"Kwathu," anatero, "chuma cha malume n'cha mbumba."
Amayi, mwana wa ku Murehwa,
amene anaphunzira Chichewa pokutukwanirani mochedwa kubwera,
anakhala pakhomo, makiyi atamanga kunsonga ya nsalu,
osayankha m'chinenero chilichonse.

Kenako kunabwera mnyamata wa ku Epworth.
Sananene zambiri. Makutu ake ananena:
anali anu, atate, opindika ngati chogwirira kapu.

Tinakakhala pabenchi ku ofesi ya chuma cha masiye,
pakati pa ena ovala zakuda, aliyense ndi envulopu yake.
Mayi wamagalasi anafunsa, "Wilo ilipo?"
Ine, mopusa, ndinam'patsa kabuku.
Anatsegula, nawerenga chiuno cha munthu wina,
natseka mwaulemu ngati akutseka maso a maliro.
"Anali telala wosamala," anatero. "Koma apa palibe mawu ake.
Pakasowa wilo, lamulo limadula lokha nsalu."

Ndipo linadula.
Tinasonkhana kusankha woyendetsa chuma, tinakangana mpaka ofesi kutseka.
Dzina lanu linatuluka m'nyuzipepala koyamba m'moyo,
kuitana onse amene munali nawo ngongole.
Nyumba yomwe amayi ankagonamo inatsala kwa amayi, ndi mbale zake.
Zotsala, ife ana,
ndi wa makutu uja, pakuti lamulo silifunsa kuti unabadwira chipinda chiti.
Zakeyu anabwerera ndi jekete lanu lotuwa
lomwe amayi anam'patsa okha, atalisita.

Sindikuti linatibera, ayi.
Koma lamulo limasoka ngati fakitale, atate, saizi imodzi,
ndipo inu munkadana ndi zogula zosokeratu.
Silikadadziwa kuti makina munalonjeza Tiyanjane
pamene ankakulowetserani ulusi maso atayamba kuchita nkhungu.
Silikadadziwa za mapeyala a kuseri,
kapena kuti munkafuna wailesi ipite kwa mlonda wa kutchalitchi.
Miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi.
Nsapato zanga zinatha ndi msewu wa kutauni.
Tiyanjane ndi ine tsopano timalonjerana ngati anthu a pabasi.

Dzulo ndinagula pepala loyera.
Ndili ndi zochepa: tebulo ku Mbare, firiji, ana awiri,
ndi kabuku kanu, komwe palibe anakafuna.
Ndalemba dzina lililonse lonse, ngati muyeso,
ndatchula woti adzayendetse, ndam'funsa ali moyo ndili moyo.
Ndaitana mboni ziwiri zosadyapo kanthu,
mai Chidhakwa ndi mnyamata wokonza mafoni,
tasayina tonse pamodzi, wina akuona dzanja la mnzake.

Mai Chidhakwa anafunsa ngati ndikudwala.
Ndinati ayi, ndikungoyeza nsalu ndisanadule.

Usiku ndinamvetsera pazenera.
Kunali agalu, ndi kombi yochedwa ikuitanira anthu a kutauni.