Adiresi ya Kuseri kwa Siteshoni

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndakwera zitunda za Porto chikwama chili paphewa,
ndipo chaka ndi chaka chikupepukirabe.
Lero munali mabilu a magetsi, chisamani cha kukhoti,
ndi positikadi ya munthu amene tinamuika m'manda mu Marichi.
Cholemera tsopano ndi mawondo.

Madzulo ndayala timabuku titatu patebulo.
Graciete wakankhira kumbali mbale ya nsomba yamchere.

Koleji yoyamba ili tsidya la Douro, ku Gaia:
zaka ziwiri, masana okhaokha,
fizi yake mpaka titagulitsa galimoto.
Ndinakafikako Lachiwiri ndili mu yunifolomu.
Ana a msinkhu wa Iolanda wanga anandiyang'ana
ngati ndabwera ndi phukusi loti asainire.

Yachiwiri ilibe khomo, ili pa intaneti.
Pachikuto pali mnyamata wa mano ofanana onse,
akuti ntchito m'miyezi isanu ndi umodzi.
Ndinaimba foni: nanga mawaya ndidzawagwira liti?
Zonse n'zapasikirini, bambo.
Mkuyu wonyezimira chotere
ine ndimayamba ndauswa, ndione nyerere.

Yachitatu ili kuseri kwa siteshoni ya Campanhã,
pamwamba pa shopu ya matayala. Amaphunzira usiku.
M'chipindamo mumanunkha fumbi ndi pulasitiki wotentha,
timagetsi tobiriwira tikuphethira m'mashelefu.
Dona Hermínia, chala chomata pulasitala,
sanandifunse zaka.
Anandipatsa chingwe chosenda kumapeto,
timawaya tisanu ndi titatu tili nyankhalala:
sanjani mitundu.
Ndinalakwitsa kawiri. Anadula, nandibwezera.

Kenako anati, pa netiweki uthenga suyenda wathunthu.
Timauduladula, kachidutswa kalikonse ndi adiresi yake,
rauta imawerenga n'kuloza njira.
Nanga adiresi ikalakwika?
Kamatayidwa.
Mumtima munati zii.
Ine yolakwika ndinkayenda nayo mpaka kubekale,
kufunsa kuti mayi wa galu wopunduka uja anasamukira kuti.
Dona Hermínia anaseka:
anthu ofunsa chotero ndi amene akusowa muno.

Graciete akuwerengetsera ndi pensulo kuseri kwa envelopu.
Lendi. Mano a Iolanda. Fizi.
Wafufuta, walembanso, wafufuta tchuthi cha ku Minho.
Satifiketi yawo ikudziwika? Ndinafunsa kumakampani awiri,
ina inavomera, ina sinayankhe.
Udzagona nthawi yanji?
Sindinayankhe nanenso.

Fomu akuti titumize pa imelo.
Ine ndaisindikiza, ndaipinda patatu
monga ipindidwira kalata yaulemu.
Sitampa sindimata.
Msewu umenewo ndi wanga kale,
nambala 212, belu lake limavuta,
umayenera kulikanikiza ndi chala chachikulu
n'kudikira pang'ono.