Wosoka Matumba ku Gazipur

Ine ntchito yanga ndi matumba.
Kolala amasoka Morjina, zipi amaika Dulal,
ine matumba okhaokha,
lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja,
mazana asanu ndi atatu belu lisanalire.
Mathalauzawo amakwera sitima kupita kumaiko ozizira
kumene wina adzapisamo dzanja
n'kupezamo makiyi a galimoto.

Ine ndikapisa m'langa ndimapezamo ulusi.

Mwezi ukatha ndimayala malipiro pamkeka
ngati ndiwo zochepa pamaliro aakulu.
Izi za lendi, za a Hafizur,
amene amagogoda chitseko ndi ambulera.
Izi za wagolosale, za mpunga tinadya kale,
pakuti ife malipiro timawadya asanabadwe.
Izi za gasi. Izi za chifuwa cha mayi ku Rangpur.
Zotsalazo, za sukulu ya Tumpa,
ndimaziwerenga kawiri
ngati kuti zingaswane m'manja.

Dzira lowiritsa ndimalidula ndi ulusi,
ulusi womwewo wa kufakitale,
chifukwa mpeni umakondera.
Tumpa theka, Ripon theka.
Ine ndimati ndadya kale kuntchito.
Ripon amakhulupirira.
Tumpa wakula.

Tsiku limene makina anakhala duu
ndinamva koyamba kuti m'denga mwathu muli nkhunda.
Zaka zisanu ndi ziwiri, osadziwa!
Tinatsika masitepe mwakachetechete
ngati anthu opita kukapempha moto,
koma pofika pamsewu tinali mtsinje.
Morjina ananyamula katoni yolembapo nambala.
Sinali nambala ya maloto ayi.
Anangowonkhetsa usiku ndi pensulo ya mwana wake:
denga, mpunga, mphodza, sopo, basi yopita kuntchito,
ndi tsiku limodzi lodwala popanda kukongola.

Bambo wa tayi pawailesi anati:
mukakweza, ogula athawira kwina,
mageti atsekedwa, mudzalirira zochepa zomwezo.
Sindinamutsutse msanga.
Mantha amenewo ndimagona nawo pamkeka umodzi.
Koma ndinaonapo kapepala ka mtengo
kamene timamata pa thalauza tisanalipinde,
Dulal n'kundiwerengera m'ndalama zathu.
Ndinaseka mpaka kapitawo anatembenuka.
Thalauza limodzi, masiku anga khumi,
ndipo thumba lake ndasoka ndine.

Kunabwera utsi wokhetsa misozi.
Tinali nayo kale misoziyo,
iwo anangoifulumizitsa.
Nsapato yanga imodzi inatsala pamphambano.

Anakweza.
Osati mpaka pa nambala ya pakatoni,
anaima panjira ngati basi yotha mafuta,
komabe anakweza.
Morjina dzina lake linapezeka pageti,
pamndandanda wa osafunikanso.
Pampando wake pakhala kamtsikana ka ku Barisal
kamene kamabaya chala kakamva kapitawo akutsokomola.

A Hafizur nawonso ali ndi wailesi.
Sabata isanathe, ambulera inagogoda.
Anyezi naye anamva nkhaniyo,
mafuta ophikira anamva,
ngakhale wopalasa rikisho anamva,
ndipo iyeyo sindimuda, ali ndi ana anayi.
Chimene chinalowa pakhomo
chambiri chinatulukira pawindo.

Chambiri, osati chonse.

Lachisanu ndinagula mazira anayi.
Ndinawanyamula m'manja, osati m'thumba,
msewu wonse uwaone.
Ripon anayang'ana lake, lathunthu, loyera,
n'kulizunguza m'mbale ndi chala,
kenaka anafunsa: amayi, nanga ulusi?
Tumpa sanakhudze lake.
Anandiyang'anitsitsa, maso gwa,
mpaka nditameza langa lonse,
ndi mchere womwe.

Lachinayilo ndalikulunga m'kansalu.
Likadali lofunda.
Kwa Morjina ndi kuseri kwa njanji,
ndipo akuti pensulo ija wainolanso.