Mzere wa Pansi pa Bedi

Nyumba ino idali kantina ya Mpwitikizi.
Pansi adayalapo matabwa a mlombwa
kuti nsapato zake zizimveka akamayenda.
Mwini wake adapita kalekale, matabwa adatsala,
tikupondapo ife a pa Ulongwe
ndi zidendene zathu zong'aluka.

Mvula yoyamba itagwa, nyerere zidatulukira
pa thabwa lachitatu kuchokera pakhomo,
pomwe msomali udadyeka ndi dzimbiri.
Silidali linthumbu lobwera ndi nkhondo usiku, ayi,
zidali zing'onozing'ono, zofiirira,
zoyenda mwaulemu ngati anthu opita kumaliro.

Ndidathira phulusa. Zidalambalala.
Ndidathira madzi otentha, thabwa lidafufuma,
m'mawa mwake zidatulukira pa lachinayi.
Ndidagula parafini wa mametikali makumi atatu,
nyumba yonse kununkha ngati galaja ya a Fulujensiyo,
ufa kununkha, bulangeti kununkha,
izo zili pa ulendo, osatsokomola n'komwe.

Ndidasungunulira kandulo m'ming'alu,
kugwada tsiku lonse ngati wolapa.
Shuga ndidamupachika kudenga ndi waya.
Mdzukulu wanga Telezinya ndidamukalipira
chifukwa cha nyenyeswa za buledi
zomwe sadagwetse.

Koma shugayo sizinkamufuna.
Zinkadutsa kabati osacheuka,
kudutsa dengu la mapichesi a ku Tsangano,
kulunjika kuchipinda,
pansi pa bedi,
pa ndowa yomwe a Gerevaziyo amatayiramo madzi usiku,
kasanu, mwina kasanu n'kamodzi,
akatero n'kupemphanso kapu ina yakumwa.

Ndidachita manyazi. Za ndowa sauza mnansi.
Koma Jowakina wa kuchipatala,
atabwera kudzabwereka sefa,
adauona mzerewo, adautsata ndi maso
mpaka pomwe udalowera kunsi kwa chitseko.
Sadaseke.
Adangofunsa: lamba wa bambo
mwamuboola kangati chaka chino?
Ndidati kawiri.
Adati: mawa asalawe kanthu, mubwere nawo kusanatenthe.

Adawabaya chala. Kadontho kamodzi,
kamakina n'kunena zomwe nyerere
zidakhala zikundiuza milungu isanu,
ine ndikuziyankha ndi madzi otentha.

Tsopano tiyi amamwa wosatsekemera, nkhope atakwinya,
mapiritsi ali pawindo, pafupi ndi wailesi.
Mzere wa kuchipinda udayamba kuonda,
tsiku lina udaduka.

Thabwa lachitatu ndidalizulabe.
Kunsi kwake dothi lofewa,
timazira toyera ngati mpunga wosweka,
ndi chitsekerero cha botolo la Mpwitikizi uja.
Ndidakumba, ndidathira laimu,
a Fulujensiyo adakhomapo lina la paini,
loyera mbee pakati pa anzake akuda
ngati dzino loikirira.
Limalira mosiyana ukalipondapo.
A Gerevaziyo amati likuwanena.

Dzulo ndidaona imodzi pakhonde
itasenza phiko la ngumbi loiposa msinkhu.
Tsache lidali m'manja.
Ndidaima kaye, ndidaisiya idutse,
koma maso sindidaichotsere
mpaka nditaona komwe ikulowera.