Mphindi Zisanu ndi Imodzi

Jerivaziyo, mlongo wanga,
katuni yako ija aitalikitsa.
Ndakaionera dzulo kwa a Nzunga, kuseri kwa msika wa Ulongwe,
mametikali khumi pakhomo,
jenereta ikutsokomola,
ana atapanikizana ngati machesi m'bokosi.

Yako inali mphindi zisanu ndi imodzi.
Ndikudziwa, ndine ndinkakugwirira tochi
pamene unkajambula mwendo umodzi kakhumi ndi kawiri
kuti ungoponda pansi kamodzi.
Makope anayi a masamu anathera pomwepo,
ndipo mayeso unalephera.

Munthu wopanda dzina, njinga yopanda mabuleki,
thumba la kachewere, chitunda cha ku Domwe.
Thumba lija ng'ambu!
Kachewere gubudugubudu kutsetsereka.
Munthu kutsamiritsa njinga pa bulugamu,
kutsika, kutola, kukwera,
kutsika, kutola.
Palibe anayankhula.
Kunkangomveka kulira kwa tcheni
ndi kupuma kwako iwe mwini, pafupi ndi foni.
Pomaliza anawerenga. Imodzi inasowa.
Anayang'ana kumunsi, anavula chipewa.
Basi, mdima.

Amayi anaionera kawiri, nati, "Awatu ndi abambo anu,"
kenaka anatuluka kukaanula zovala zosauma.

Iyi ya ku Maputo ndi ola ndi theka.
Munthu uja amupatsa dzina,
amuchotsera zaka makumi atatu,
amubwezera mano onse.
Kachewere yosowa ija ili ndi maso, ili ndi nsidze,
imayankhula Chipwitikizi,
imakwera shapa mpaka ku Tete,
imaimba nyimbo pamlatho,
imathawa mbala yandevu pamwamba pa sitima ya malasha.
Nanga mitundu yake!
Thambo ngati chitenje chosachapidwapo.
Ana anaseka mpaka wina kugwa pabenchi.
Nanenso ndinaseka, sindikubisira.

Koma chitunda achidula.
Chitunda chathu chija, chomwe kwa iwe chinadya mphindi zinayi,
apa n'kuphethira kamodzi, munthu ali pamwamba kale,
malaya ake ali ouma.
Nthawi ali nayo yodzaza nkhokwe
koma alibe nthawi yoti munthu atope.
Ndiwo za munthu mmodzi
athiramo madzi kuti zikwane ukwati wonse.

Ndinafuna kutuluka.
Ndinali nditamanga kale chitenje.

Ndiye panabwera pena, Jerivaziyo, pomwe iwe sunafikepo.
Mkazi ali pakhomo, dzuwa lapendeka,
akupukuta mbale youma kale,
akuyang'ana kumsewu.
Akuyitembenuza, akupukutanso.
Palibe nyimbo, palibe chitsulo cholira,
mwina theka la mphindi.
Iwe unkakhala kumbuyo kwa abambo, ukukankha nawo,
zimenezi sunazionepo.
Ine ndinkaziona Lachiwiri lililonse ndi Lachisanu,
ndipo sindinakuuze.
Nanga a ku Maputo anawauza ndani?
Kapena nawonso ali ndi amayi awo.

Ndinakhalanso pansi.
Mnyamata wa pambali panga anandifunsa
ngati utsi wa jenereta wandilowa m'maso.

Kumapeto kachewere ija imapezeka, ndithudi.
Imabwerera pa ndege.
Mudzi wonse kuvina, ngakhale mbala yandevu ija.
Anthu anaomba m'manja.
Ine ndinadikira dzina lako,
a Nzunga n'kuzimitsa jenereta maina asanathe,
akuti petulo wakwera.

Ndayenda ndekha mpaka kunyumba.
Ndatulutsa foni ija yosweka galasi,
ndaionera yako, batire ili pa mzere umodzi.
Munthu uja akadatsikabe, akadatolabe,
mwendo wake wakumanzere ukadali waufupi
pomwe pensulo inathyokera.
Wawerenga. Imodzi ikadasowa.

Ukatuluka kumgodi ku Moatize undiyimbire.
Sindikudziwa ngati ndikuuze kuti ukaionere.
Koma ukapita, usatuluke msanga.
Udikire mbale ija.