Mtundu Wanji?

Ajibu wafika dzulo kuchokera ku Nacala,
thiraki yake ikununkha dizilo ndi nsomba zouma.
Pansi pa mpando, m'masokosi akale,
munali timabotolo tisanu ndi kamodzi.
Akuti pa Muloza wapolisi anatiunika ndi tochi
n'kufunsa ngati ndi zizimba.

Ine ndili kuno ku Chichiri, chipinda chakuseri,
kumene nyanja yamchere tinangoimva m'kalasi.
Ndathira spiriti m'kambale kagalasi,
ndayatsa maikulosikopu,
magetsi ndawapempha kuti lero andipirire.

Ndiye uyu.
Akhoza kukhala pa chikhadabo cha khanda, malo n'kutsalako.
Anamutola m'ndere, pamadzi olekeza m'mawondo,
mafunde atabwerera kwawo.
Mabuku amati kangaude wam'nyanja,
koma ukonde sanalukepo chibadwire.
Dzinalo n'lobwereka, ngati jekete ya paukwati,
manja kutalika, mapewa kulendewera.

Thupi n'kongolumikizira miyendo basi.
Matumbo anasowa malo, anasefukira m'miyendomo,
monga kwathu ku Ndirande
tinkagonera mpaka m'khitchini.

Buku losanjira mitundu limafunsa ngati kalaliki wapachipata.
Miyendo ingati? Isanu ndi itatu. Pitani patsogolo.
Zopanira zilipo pamwamba pa chitamba, kapena zinafota?
Kamkono ka pambali pa kamwa kali ndi mfundo zingati?
Ine ndapeza zisanu ndi zitatu.
Ndaziona, wophunzira wanga, akuti zisanu ndi zinayi.
Tasinthana diso, tasinthananso,
tiyi wazizira, ntchentche yamira momwemo.
Mfundo imodziyo si yamasewera:
ikhoza kumusamutsa pakati pa abale ake
n'kumupereka kwa eni ena.

Ndamutembenuza chagada ndi nsonga ya singano.
Pamimba wapinda timiyendo tina tiwiri, towonda,
ndipo pamenepo pakangamira mibulu ya mazira
yonga mapira onyowa.
"Mayi ameneyu," watero Ndaziona.
Ayi, ndatero. Ndi bambo.
Kwa iwowa wamkazi amaikira, wamwamuna n'kusenza,
amayenda nawo m'mafunde mpaka ataswa.

Ndachotsa diso pagalasi.
Bambo anga, amayi atamwalira,
ankandibereka ndi chitenje kupita ku Limbe,
kudutsa amuna anzawo pabawo akuseka,
mfundo atamanga pachifuwa, yokhota,
chifukwa panalibe wowaphunzitsa.
Iwo anali ochokera kutsidya kwa Ruo,
amayi a ku Chiradzulu,
ine wobadwira ku Queens.
Fomu ikafunsa mtundu
cholembera changa chimaima m'malere
mpaka wapamzere kumbuyo atatsokomola.

Magetsi apita.
Ndaziona wayatsa tochi ya foni, waunika cham'mbali,
ndipo chithunzithunzi cha kanyamaka chatambalala pakhoma,
miyendo kufika pa kalendala.
M'kuwala kopendekekako mfundo ija yaonekera,
kamzere kosamaliza kuzungulira,
theka kulipo, theka kulibe.
Tonse tinalondola. Tonse tinaphonya.
Buku lilibe tsamba la zoterezi.

Ndadula kapepala kakang'ono ngati tikiti ya basi.
Ndalemba ndi pensulo, poti inki imasungunuka m'spiriti:
malo, tsiku, kuya kwa madzi,
wotola, msodzi amene Ajibu amangomutcha Momade.
Dzina la banja ndalemba mosakayika.
La mtundu ndalemba mopepuka,
n'kuika chizindikiro cha funso pambali,
kuti wobwera pambuyo panga,
wa maso akuthwa ndi magetsi osathawa,
adzafufute popanda kung'amba.

Ndam'bwezera m'botolo, mazira ali chigwirire.
Atsala asanu.

Kunja chiperoni chameza phiri la Soche.
Amati chinyonthochi chimachokera kunyanja komweko,
chimakwera mapiri usiku, osadinditsa pasipoti.
Ndatsegula zenera, ndatulutsa lilime
ngati mwana,
kufuna kumva ngati mcherewo umafika kuno.
Ndaziona wandiona. Sananene kanthu.
Watenga botolo lachiwiri, wapukuta singano.